Alick Nkhata: Mau a Kwathu pa Nthawi ya Makauboyi

Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Kalingalinga mu Lusaka amaudziwa mseu wa Alick Nkhata. Ni uja umacokera ku Longacres n'kudutsa pa Mass Media, pamene pali ZNBC. Makondakita amalichula dzinali kambirimbiri pa tsiku, koma yesani kufunsa mnyamata amene mwapanikizana naye pa mpando kuti mwini dzina anali ndani. Wina adzati kapena inali nduna, wina adzati mkulu wa asilikali.

A Nkhata anali woimba komanso muulutsi wa pa wailesi. Pa nthawi imene akatswiri onse amene anthu a m'makomboni anali kuona pa bayisikopo anali azungu okwera mahachi, iwo anakhala katswiri wa kwathu, woimba m'Cibemba ndi m'Cinyanja za cikondi, mowa ndi umoyo wa m'tauni. Ambiri nkhope yawo sanali kuidziwa, koma mau awo anali kumveka ku Chipata, ku Blantyre, ku Bulawayo ndi kuno ku Ndola madzulo amodzimodzi. Kuti timvetse cimene anacita, tiyambire pa bayisikopo pomwepo.

Masiku a Jeke

A Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922. Caka cimeneco mafilimu a padziko lonse anali osalankhula: anthu anali kuyendetsa milomo pa nsalu popanda liu lililonse. Filimu imene inatsegula khomo la mafilimu olankhula ndi oimba, The Jazz Singer ya Al Jolson, inatuluka ku America mu 1927. Kuno ku Kopala nakonso zinthu zinali kungoyamba. Ndola inali boma yaing'ono ya pa njanji, ndipo tauni ya Kitwe kunalibe mpaka mu 1936. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa kopa mu 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933. Anyamata anakhamukira kuno kucokera ku Kasama, ku Luapula, ku Fort Jameson imene manje timati Chipata, ndi ku Nyasaland.

Eni migodi anaona kuti anthu masauzande okhala pamodzi afunika cowatangwanitsa akaweruka, kuti asamangothera ku mowa ndi ndeu. Anabweretsa mpira, magule ndi bayisikopo. Sabata iliyonse m'komboni anali kuimika nsalu yoyera panja, dzuwa likangolowa makina n'kuyamba kulira. Amuna, akazi ndi ana anali kudzaza bwalo, ena pa mabenchi, ena pansi.

Cimene anthu anali kudzera kwenikweni cinali filimu ya makauboyi. Kaya wosewera ni ndani, kaya dzina lake lenileni ni liti, kwa oonerera onse anali Jack, kapena kuti Jeke monga anali kuchulira ana. Jeke anali kumenya cibakera cimodzi munthu n'kugwa, anali kukwera hachi ikuthamanga, ndipo sanali kugonja. M'mawa mwake tianyamata ta m'komboni tinali kusema mfuti za mitengo, kupinda zipewa za mapepala ndi kuyenda motang'adza monga iye. Mai wina wofufuza wa ku America, a Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lawo la Copper Town analemba zambiri za mmene anthu a kumeneko anali kukondera Jack.

Ngakhale mafilimuwo anali olankhula, mau ake sanali kuthandiza kwenikweni. Cizungu ca makauboyi cinali cothamanga, ca m'mphuno, ndipo phokoso la oonerera linali kucimiza. Cinanso, boma la atsamunda linali ndi kabungwe koyang'ana filimu iliyonse isanaonetsedwe kwa anthu akuda. Anali kudula paliponse pamene anaganiza kuti pangacotsere mzungu ulemu, monga akazi ovala mosadzilemekeza kapena zocitika zophunzitsa umbava. Filimu ikafika ku Wusakile kapena ku Roan inali yoduka-duka, nkhani yake yosalumikizana. Oonerera anali kudzilukira okha nkhani, kufotokozerana mokweza, kucenjeza Jeke kuti mdani ali kumbuyo.

Kumbali ina ya tauni zinthu zinali zosiyana. Nyumba za ku Northrise, Kansenshi ndi Itawa masiku amenewo zinali za azungu, ndipo maholo a filimu a m'tauni, okhala ndi denga ndi mipando yabwino, anali awo. Munthu wakuda analoledwa mwalamulo kulowamo mu 1960 cabe. Pa nsalu pomwepo, munthu wa khungu lathu akaonekera, kawirikawiri anali wanchito wa m'nyumba kapena wonyamula katundu. Panalibe wolankhula Cibemba, panalibe wolankhula Cinyanja.

Koma cinthu cimodzi cinali kumveka popanda womasulira: gitala. Makauboyi oimba monga Gene Autry ndi Roy Rogers anali ochuka m'zaka zimenezo, ndipo marekodi a Jimmie Rodgers anali kulira pa magalamafoni m'madera ambiri a Africa. Gitala inali yopepuka kunyamula, ndipo amene analibe ndalama anali kudzipangira banjo ya cigubu ndi waya. Mbadwo wa a Nkhata unakula ndi kulira kumeneku m'makutu.

Ku Burma, kenako kumidzi

Nkhondo yaciwiri ya padziko lonse itabuka mu 1939, anyamata ambiri a dziko lino analembedwa usilikali, ndipo a Nkhata anali mmodzi wa iwo. Anafika mpaka ku Burma, kumene asilikali a ku Africa anamenyana ndi a Japan m'nkhalango za mvula ndi malungo. Maina a malo a nkhondo imeneyo tikali nawo mpaka lero ngakhale sitiwaganizira. Kalewa, dzina la kampu ya asilikali imene a ku Northrise amaidziwa bwino, ni tauni ya ku Burma ya m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin. Chindwin yomweyo ni dzina la kampu ya ku Kabwe, ndipo Arakan ndi Burma Road zili mu Lusaka.

Msilikali wobwerako ku nkhondo anali ataona zambiri: nyanja, zombo, mizinda ya ku India, anthu a zinenero zosiyanasiyana. Ambiri atabwerera anasowa cocita. A Nkhata mwai wawo unadzera ku nyimbo. Anakumana ndi a Hugh Tracey, mzungu wokhala ku South Africa amene anathera moyo wake akuyenda ndi makina ojambulira mau m'midzi ya kum'mwera, pakati ndi kum'mawa kwa Africa. A Nkhata anagwira nawo nchito imeneyi cakumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Imeneyi inali sukulu imene woimba wina aliyense wa nthawi yawo sanapiteko. Nchito inali kufika pamudzi, kulonjera mfumu, kupempha oimba, kuwaika bwino pafupi ndi maikolofoni, kulemba dzina la nyimbo, cinenero cake ndi tanthauzo lake. Munthu wocita zimenezi tsiku ndi tsiku amaphunzira mmene ng'oma za mtundu uwu zimasiyanirana ndi za mtundu uwo, mmene amai amalandizirana mau pa mtondo, ndi mmene nyimbo yaitali ya pa bwalo ingafupikitsidwire kuti ikwane pa rekodi ya mphindi zitatu. A Tracey pambuyo pake, mu 1954, anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yochedwa International Library of African Music, imene lero ili pa Rhodes University ku South Africa. A Nkhata anatenga luso lawo n'kupita nalo ku Lusaka.

Wailesi ya poto

Boma linatsegula siteshoni ya wailesi mu Lusaka mu 1941, makamaka kuti anthu azimva nkhani za nkhondo. Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani, a Harry Franklin, analimbikira kuti siteshoniyo ikhale ya anthu akuda a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inachedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inali kuulutsa m'Cibemba, m'Cinyanja, m'Citonga, m'Cilozi, m'Cishona, m'Cindebele ndi m'Cizungu.

Vuto linali lakuti omvera analibe mawailesi. Amene anali m'masitolo anali odula, ndipo ambiri anali ofuna magetsi amene m'komboni munalibe. A Franklin anavutika kusaka kampani yopanga wailesi yochipa, mpaka a Ever Ready a ku Britain anavomera. Mu 1949 kunafika Saucepan Special, wailesi yozungulira monga poto wopanda cogwirira, yopakidwa utoto wa buluu, yoyendera batire lalikulu limene linali kukhala pansi pake. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire kugula padera. Kwa wanchito wa pa mgodi zinali ndalama zofuna kusunga miyezi, koma zinali zotheka. Mawailesi masauzande anagulidwa m'zaka zocepa. Nyumba imodzi ikakhala nayo, madzulo khonde lonse linali kudzaza ndi oyandikana nawo.

Ngakhale a mafilimu a boma anaona kuti iyi ni nkhani. Bungwe la Central African Film Unit, limene linayamba mu 1948, linajambula filimu yochedwa Lusaka Calling yokopa anthu kuti agule wailesiyo. Bungwe lomweli ndilo linali kupanga mafilimu ophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Imodzi mwa izo, Mulenga Goes to Town, inali ya mnyamata wa kumudzi amene tauni inamupusitsa. Uthenga wa boma unali woonekeratu: kwanu ni kumudzi, tauni idzakudyani. Koma anthu a ku Chamboli ndi ku Masala anali kale m'tauni, ana awo anali kubadwira momwemo, ndipo anali kufuna wina woimba za moyo umene iwo anali kukhala.

A Nkhata analowa nchito pa siteshoniyo ca m'ma 1950, pamene woyendetsa anali a Michael Kittermaster, munthu amene anaika nyimbo za kuno patsogolo. Siteshoni inali kutumiza galimoto yojambulira mau m'maboma, ndipo inasonkhanitsa nyimbo zambirimbiri za mitundu ya dziko lino. Pulogalamu imene inali kukondedwa maningi inali ya Zimene Mwatifunsa, imene omvera anali kulemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. Mwamuna ali ku Mufulira anali kulonjera mkazi wake ku Petauke, mnyamata wa ku Wankie n'kulonjera makolo ku Nyasaland. Mafoni a m'manja amene mwagwira m'basimo kunalibe, conco kumva dzina lako likuchulidwa pa wailesi cinali cinthu cokambidwa sabata yonse.

Zimene anali kuimba

Apa m'pamene zonse zimene a Nkhata anaphunzira zinakumana. Anali ndi gitala ya mbadwo wa Jeke, anali ndi nyimbo za kumidzi zimene anamva pa maulendo, ndipo anali ndi maikolofoni yofika maiko atatu. Anapanga kagulu ka oimba anai, ndipo pambuyo pake gulu la Lusaka Radio Band, limene linadzachedwa Big Gold Six. Anali kutenga nyimbo ya pa bwalo kapena ya pa mtondo, kuikonza kuti iyende ndi gitala ndi mau ogwirizana a amuna angapo, n'kuibwezera kwa eni ake kudzera pa wailesi. Zina anali kupeka okha.

Mukamvetsera marekodi awo lero, cimene cimayamba kukugwirani ni kufatsa kwa mau. Sakuwa, sathamanga. Aimba monga munthu amene wakhala nanu pa khonde ndipo afuna mumve liu lililonse. Kaimbidwe kogwirizanitsa mau kamafanana ndi ka magulu a ku America ndi a ku Johannesburg a nthawi imeneyo, koma kayendedwe ka nyimbo ndi nkhani zake n'za kuno.

Maina a nyimbo zawo okha akuuzani dziko limene anali kuimbira. Shalapo ni liu la Cibemba lotsanzikira munthu amene akutsala, liu limene aliyense wokwera sitima kupita ku migodi analichulapo. Imbote ni mowa wa uci. Taxi Driver ifotokoza yokha, ndipo madilaiva athu adziwe kuti nchito yawo inalowa m'nyimbo kalekale. Kalindawalo Ni Mfumu ichula mfumu yaikulu ya Ansenga ya ku Petauke. Onani kuti mwana wa ku Kasama anali kuimba za mfumu ya kum'mawa m'cinenero ca kum'mawa, ndipo Mlozi wa ku Mongu ndi Mtonga wa ku Monze anali kumvetsera. Mau akuti dziko limodzi, mtundu umodzi anabwera pambuyo. Pa wailesi ya poto zinali zitayamba kale kucitika.

Nyimbo zina zinali za malangizo, ndipo siteshoni ya boma inali kukonda zotero. Koma kusiyana kwake ndi mafilimu ophunzitsa aja kunali kwakuti wolangizayo anali mnzawo wa omvera. Anali kudziwa mmene malipiro amathera mwezi usanathe, mmene ukwati umagwedezekera m'nyumba ya cipinda cimodzi, mmene wobwera kumene m'tauni amanyengekera ndi zovala. Anthu anali kuseka, kenako n'kuzindikira kuti akudziseka okha.

Zaka zomwezo ku South Africa anthu akuda anayamba kuonekera pa nsalu monga akatswiri. Dolly Rathebe anachuka ndi filimu ya Jim Comes to Jo'burg mu 1949, ndipo mu 1959 sewero loimba la King Kong linakweza Miriam Makeba. Kuno tinalibe makampani a mafilimu otero kapena maholo aakulu olola munthu wakuda kukwera pa pulatifomu. Bwalo lathu linali wailesi, ndipo pa bwalo limenelo dzina lalikulu linali la a Nkhata. Kuno ku migodi oimba magitala monga Stephen Tsotsi Kasumali ndi John Lushi, amene a Tracey anawajambula mu 1957, anali kuimba m'makomboni pa nthawi imene zinali zitadziwika kale kuti nyimbo ya gitala ya m'cinenero cathu ingamveke dziko lonse.

Pakati pa boma ndi anthu

Kuchuka kumeneku kunali ndi mtengo wake. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, Britain ndi azungu a kuno anakonza zophatikiza maiko atatu aja kukhala citaganya ca Federation, cimene cinayamba mu 1953. Anthu akuda anacikana kwamtuwagalu, motsogoleredwa ndi a Harry Mwaanga Nkumbula ndi cipani ca African National Congress. Siteshoni ya Lusaka inali ya boma, ndipo nkhani zoyamikira citaganyaco zinali kuwerengedwa ndi aulutsi akuda, m'zinenero za anthu amene anali kucikana.

Pa nthawi yomweyo kunabuka mphekesera ya banyama, anthu amene anali kunenedwa kuti amagwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi kuti akagulitse kwa azungu. Mphekeserayo inali yakale, koma mu 1952 ndi 1953 inagwera anchito a pa wailesi. Anthu anali kunong'onezana kuti aulutsi anagulidwa, kuti ni banyama, ndipo ena a iwo anaopsezedwa. A Peter Fraenkel, amene anali kugwira nchito pa siteshoniyo, anafotokoza masiku amenewo m'buku lawo la Wayaleshi la mu 1959.

Tingaseke lero, koma taganizirani mmene zinalili. Munthu wamva liu la m'bale wake likutuluka m'kapoto ka buluu, likukamba zinthu zimene iye adziwa kuti mwini liuyo sangazikhulupirire. Afotokoze bwanji? Kunena kuti amupopa magazi n'kumusandutsa cida ca azungu inali njira imodzi yofotokozera. A Nkhata ndi anzawo anali pakati: m'mawa bwana wacizungu akupatsa pepala loti uwerenge, madzulo ubwerera ku komboni kumene anansi akuyang'ana ndi diso lina. Aliyense amene anagwirapo nchito pa kampani yodedwa ndi anthu a kwawo adziwa kulemera kwake. Ena anasankha njira ina. A Andreya Masiye, muulutsi mnzawo wa Cinyanja, pambuyo pake anapita ku Tanganyika kukaulutsa mau a cipani ca UNIP kucokera ku Dar es Salaam.

A Nkhata anapitiriza kuimba, ndipo mphekesera itazizira nyimbo zawo zinali zikali kupemphedwa. Federation inatha pa 31 December 1963, koma nyimbo za zinenero zathu zimene siteshoniyo inasonkhanitsa zinatsala.

Dziko litamasuka

Pa 24 October 1964 dziko linakhala Zambia, ndipo wailesi inakhala ya boma la a Kenneth Kaunda. A Nkhata anali mmodzi wa anthu ocepa akuda odziwa nchitoyo kucokera pansi, conco anakwera kukhala mmodzi wa akuluakulu a Zambia Broadcasting Services. Anatsogoleranso nthambi ya boma yoona za cikhalidwe. Munthu amene anayamba ndi kunyamula makina ojambulira a mzungu m'midzi tsopano ndiye anali kuyang'anira nchito yosunga ndi kukweza magule ndi nyimbo za dziko lonse.

Zinthu zinali kusintha msanga. Wailesi yakanema inayambira ku Kitwe mu 1961. Maholo a filimu anali atatseguka kwa onse, ndipo Jeke anayamba kupikisana ndi James Bond, kenako Bruce Lee. Acinyamata anatembenukira ku rumba ya ku Congo ndi magitala a magetsi. Pa wailesi panabwera mau ena okondedwa, monga a Julius Chongo ndi nthano zawo za Poceza M'madzulo. Kaimbidwe kofatsa ka a Nkhata kanayamba kumveka monga ka makolo.

Koma njira imene anaitsegula siinatsekeke. Pakati pa zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti nyimbo zoculuka pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Magulu a ku Kitwe monga WITCH ndi Amanaz anapezerapo mpata, kampani ya Teal inali kudinda marekodi kuno ku Ndola, ndipo pambuyo pake kalindula ya a P.K. Chishala ndi anzawo inadzaza dziko. Maganizo akuti nyimbo ya kumudzi ingavale zovala za m'tauni n'kulowa mu situdiyo popanda manyazi, a Nkhata anali atawayesa kale zaka 20 m'mbuyomo ndipo anaona kuti agwira nchito.

M'zaka za m'ma 1970 anapuma pa nchito ya boma n'kupita kukalima ku famu yawo ku Mkushi. Ambiri a ife timalota zotero: ukatopa ndi tauni, upeze kamunda, uwete nkhuku, ukalambe mwamtendere.

Tsiku la ndege

Zambia ya nthawi imeneyo inali kusunga omenyera ufulu a maiko oyandikana nayo. Asilikali a ZIPRA a a Joshua Nkomo anali ndi makampu m'dziko muno, ndipo ina inali ku Mkushi, kumene kunali kukhala atsikana ambiri. Pa 3 September 1978 a ZIPRA anagwetsa ndege ya anthu wamba ya Air Rhodesia pafupi ndi Kariba. Boma la Ian Smith linabwezera. Pa 19 October ndege ndi mahelikopita a Rhodesia analowa m'Zambia, n'kuphulitsa kampu ya Chikumbi kumpoto kwa Lusaka ndi kuukira ya ku Mkushi. Anthu mazanamazana anaphedwa.

Famu ya a Nkhata inali pafupi ndi kampu ya ku Mkushi, ndipo iwo anafa pa kuombera kwa tsiku limenelo. Anali ndi zaka 56. Munthu amene anapulumuka nkhalango za Burma anafera kwawo, kutatsala masiku asanu kuti dziko likondwerere zaka 14 za ufulu. Akawerengedwa amene Zambia inataya cifukwa ca ufulu wa Zimbabwe, dzina lawo lili pamenepo pamodzi ndi a ena ambiri amene maina awo sanalembedwe pa cikwangwani ciliconse.

Cimene catsala

Woimba sakhala ndi manda amodzi. Amafa kaciwiri pamene nyimbo zake zaleka kumveka. Mu 1991 kampani ya ku London yochedwa RetroAfric inasonkhanitsa nyimbo zina za a Nkhata pa CD ya mutu wakuti Shalapo and Other Love Songs, ndipo anthu ambiri a kunja anawadziwira pamenepo. N'zocititsa manyazi pang'ono kuti mlendo ndiye anatola cuma cathu n'kucipukuta fumbi. Marekodi akale amasweka, matepi amaola ndi cinyontho, ndipo nkhalamba zimene zingakuuzeni kuti woimba uyu anali ndani, nyimbo iyi inacokera mudzi uti, zikutha caka ndi caka.

Lero m'basi mumalira nyimbo za acinyamata a ku Kopala ndi a ku Lusaka, zosakaniza Cibemba, Cinyanja ndi Cizungu pa kugunda kocokera ku America, ku Jamaica kapena ku Nigeria. Akuluakulu ena amadandaula kuti ana ataya cikhalidwe. Mbiri ya a Nkhata itiuza kuti kubwereka cida ca mlendo si cacilendo kuno. Gitala nayonso inabwera ndi Jeke. Funso limene iwo anayankha bwino ni lakuti ukabwereka cidaco, uimbapo za ndani, ndipo m'cinenero ca ndani.

Ngati muli ndi tumabandulo totsala mu foni, lembani dzina lawo pa intaneti, nyimbo zina zilipo. Ndipo ngati kunyumba kuli agogo amene anakulira ku Wusakile, ku Kabushi kapena ku Roan, aikireni imodzi madzulo ano. Mukatero khalani cete, muwasiye akambe okha za wailesi ya poto, za amene anali nayo pa laini yawo, ndi za tsiku limene dzina lawo linachulidwa kucokera ku Lusaka.